Mmene mungathamangitsire alendo opembedza ku Nkhotakota

Yambani ndi chimbudzi. Chikhale chimodzi, chokhoma, makiyi ali m'thumba la munthu amene wapita kumaliro ku Dwangwa. Amayi a mpingo amene akwera lole mbandakucha pa msewu wa M5 kuchokera ku Salima adzandanda padzuwa, ana kumsana. Sadzadandaula poti ndi alendo, koma chaka chamawa akadzakhala pansi kukonza ulendo, dzina la Nkhotakota sadzalitchula.

Mpopi ukafa, usiyeni. Msilamu wobwera kudzaswali Lachisanu pa mzikiti wa ku Linga akasake yekha madzi a udhu, ndipo agogo ofika mu Okutobala amwe otentha a m'chigubu. Benchi pamthunzi musaike.

Chowononga kwambiri, chimene chimandipweteka mtima, n'kubisa mbiri. Pa tchalitchi cha Anglican cha All Saints pagona Bishopu Chauncy Maples, amene anamira panyanja mu 1895 akupita ku Likoma atangodzozedwa kumene. Musauze mlendo zimenezi. Alowe, agwade, atuluke osadziwa kuti wapemphera pafupi ndi manda a yani. Chapafupi pali mkuyu umene David Livingstone anakumanirana ndi Jumbe mu 1863 kukamba zoleka malonda a akapolo. Chikwangwani chikafufutika, musachilembenso. Chikalembedwa, chikhale m'Chingerezi chokha, kuti mayi wa ku Benga angochiyang'ana n'kudutsa. Wolongosola mbiri atchule mzungu, atchule Jumbe, athere pomwepo. Asanene za anthu amene ankasonkhanitsidwa pagombe pano, n'kuwolotsedwa m'zombo, n'kuyendetsedwa pansi mpaka ku Kilwa. Ena mwa alendowo ndi zidzukulu za mabanja amene anatsala akulira, ndipo mukawamana nkhaniyi adzabwerera kwawo atangoona mtengo.

Akhristu musawalozere njira ya ku Linga, Asilamu musawaitanire pa mkuyu. Mbiri ndi imodzi, koma aliyense apite ndi theka lake.

Za chakudya musakonze. Mpunga ndi nsomba zili mbwee m'boma muno, koma amayi ophika musawadziwitse kuti kukubwera gulu. Alendo adye mabisiketi a pagolosale. Wakabaza akweze mtengo akangomva kalankhulidwe kachilendo.

Mlendo akapereka kangachepe kosamalira malowo, musamulembere lisiti. Akapempha buku loti alembemo maganizo ake, muuzeni kuti linadzaza kalekale ndipo lina silinagulidwe.