Kwathu Mgonero Umayamba mu Okutobala

Anthu a m'tauni amayamba kuganiza za ndiwo dzuwa likapendeka. Ife kuno ku Chongwe mgonero timauyamba mu Okutobala, mwezi umene amfumu aakulu a Asoli, a Nkomeshya Mukamambo II, amatsogolera mwambo wa Chakwela Makumbi, kupempha mvula kwa Mulungu ndi makolo, n'kubzala mbewu zoyamba. Ine si Msoli, makolo anga anachokera ku Petauke, koma ku mwambowu sindijomba. Ndimafuna kudzionera ndekha kuti nkhani ya nsima yanga ili m'manja mwa akuluakulu oyenera.

Zikatero mumalima, mumathira Compound D, mumapalira, mumathira urea, mumakangana ndi ntchemberezandonda, mumakolola mu Meyi, mumatonongola mpaka zala kutuluka matuza, kenako mumamangirira thumba pa njinga, ulendo wa ku chigayo. Kumeneko mumakhala pansi kudikira magetsi. Mu 2024, chaka chimene Pulezidenti Hakainde Hichilema analengeza pa 29 Febuluwale kuti chilala chasanduka ngozi ya dziko lonse, madzi anachepa ku Kariba ndipo magetsi ankabwera pakati pa usiku, anthu oopa Mulungu atagona. Ine ndinaphunzira kugona pa thumba langa la chimanga pakhonde la chigayo, khutu limodzi lili tcheru kudikira kuti injini ilire. Ufa wa bulekifasiti wa makilogalamu 25 unalipo ndithu m'masitolo. Ndinkaupatsa moni podutsa.

Pa ntchito yonseyi, ya m'khitchini mwenimweni yomwe ndinapatsidwa ndi imodzi: kukoleza mbaula. Musaipeputse. Malasha a kuno ndi omwewo amene anyamata amawapalasa pa njinga mu Great East Road kukagulitsa ku Lusaka, mtunda wa makilomita pafupifupi 45. Abwino onse amapita kumeneko. Ife timatsala ndi zinyenyeswa ndi ziputu zosapsa bwino, zimene zimafuka utsi wokhawokha. Ndimanjuta pabwalo ndi chivindikiro cha ndowa m'manja, kukupiza, misozi ili chuchuchu. Nthawi yomweyo ndege imadutsa pamwamba, pakuti bwalo la Kenneth Kaunda International Airport lili m'boma lathu lomwe lino. Amati m'menemo anthu amapatsidwa chakudya chotentha ali khale. Ine ndimakweza maso, n'kudzifunsa kuti amawakupizira mbaula ndani.

"Atate ake, moto wayaka kapena tikapale kwa anzathu?" amatero amake ana ali m'nyumba. Funso limeneli amalifunsa mwaulemu wonse, koma mokweza, kuti anzathuwo amve.

Moto ukayaka ndimachotsedwa pa udindo. Amake ana amakhala pa mpando wawo wamfupi, lichero la chibwabwa lili pamiyendo. Tsamba lililonse amalithyola pa phesi, n'kukoka ulusi wake waminga mpaka kumapeto osaudula, uku akucheza, osayang'anako n'komwe. Mwana wathu wamkazi amasinja nsawa mu mtondo, kusefa, kubwezera misere, kusinjanso. Chibwabwa chikawira ndi madzi pang'ono, mchere ndi tomato, amawaza nsinjiro pamwamba, n'kuvindikira osatakasa. Akuti ukafulumira kutakasa nsinjiro siipsa, ndipo usiku wonse banja limayenda ulendo wa kuseri kwa nyumba. Saladi salowamo, nsawa zili ndi mafuta ake. Apa mpamene ndimagwirizana nawo ndi mtima wonse, chifukwa wogula saladiyo ndine.

Ntchito ina imene nthawi zina amandiyesa nayo ndi ya kumsika. Amayi a pamsika wa pa Chongwe amandidziwa kuchokera patali. Ndikafika amandiitana kuti abwana, n'kundisankhira okha mulu wa tomato, ndi mbasela pamwamba. Ndimabwerera kunyumba chifuwa chili patsogolo. Amake ana amangotembenuza tomato mmodzimmodzi, kundionetsa mbali imene inali pansi.

Za kapenta ndiye ndinaziphunzira bwino, kuti ndikhaleko ndi chonena. Pali kapenta wa ku Mpulungu, wa m'nyanja ya Tanganyika, ndi wa ku Siavonga, wa m'nyanja ya Kariba, ndipo pali mabanja amene salankhulana chifukwa chotsutsana kuti wokoma ndi uti. Tsiku lina ndinafotokozera banja langa kuti awiriwa ndi pachibale, popeza kapenta wa ku Kariba anachita kutengedwa ku Tanganyika m'zaka za m'ma 1960. Amake ana anamvetsera mpaka ndinamaliza, akutsuka amene ndinagula m'madzi otentha kachitatu. Kenako anandionetsa pansi pa beseni, n'kufunsa kuti nanga mchengawu unachokera nyanja iti.

Pabwalo pathu pali tambala. Tambala ameneyu amadya chimanga changa, amandidzutsa usiku, ndipo amadziwa malamulo a pakhomo kuposa ine: nkhuku siiphedwa popanda mlendo. Choncho nditamva kuti alamu anga a ku Kabulonga akubwera Loweruka, ndinanola mpeni Lachinayi. Lachisanu ndinagula anyezi ndi ndalama zanga, popanda wondituma.

Alamu anafika pa galimoto yonyezimira, anakhala pa mkeka, n'kulengeza kuti adokotala anawaletsa nyama. Anati chimene anabwerera ndi chakudya chenicheni cha kumudzi: chibwabwa, kalembula, bondwe, impwa, delele wothira soda, ndi nsima ya mgaiwa. Anadya mpaka thukuta, akupukusa mutu. "Alamu, inu ndinu olemera osadziwa. Ku Lusaka ndiwo zopanda mankhwala ngati izi timazigula modula." Anafunsa ngati ndinakaphunzira ku Kasisi Agricultural Training Centre, kumene ansembe a chiJesuit akhala akuphunzitsa alimi kuyambira 1974, ndipo masiku ano amalimbikitsa ulimi wa manyowa. Ndinangoti ee, timayesetsa. Sindinaone chifukwa chowauzira kuti feteleza anathera m'munda wa chimanga, ndipo kudimba kunatsala mbuzi za apongozi zokha kuti zitithandize.

Ndinkamva zonsezi ndikumeza impwa yowawa, maso ali pa tambala, amene ankayenda uku ndi uku pafupi ndi mkeka ngati nduna yoyendera chitukuko. Pobwerera alamu ananyamula thumba la mgaiwa, meda ya nsawa ndi maungu awiri. Anatisiyira malangizo akuti tisasinthe kadyedwe.

Tsopano pali mphekesera imene ikuyenda m'mudzi muno, yakuti ine sinditha kuphika nsima. Ndikufuna ndiikonze pano. Amake ana atapita ku maliro ku Rufunsa, ndinatenga mphika ndi mthiko monga mutu wa banja. Ndinatereka madzi, ndinathira ufa, phala linayamba kuwira n'kumandilavulira pa mkono. Ndinawonjezera ufa kuti likhale chete. Linalimba. Ndinawonjezera madzi. Linasanduka phala kachiwiri. Tinapitiriza kukambirana chotero, ufa ndi madzi, madzi ndi ufa, mpaka mphika wa anthu asanu unadzaza nsima yokwanira anthu a pa chikwati. Povundula, mphika unkazungulira limodzi ndi mthiko, chifukwa palibe amene anandiuza kuti amayi amaupanikiza ndi phazi kapena kuugwira ndi kansalu. Vuto linali mthiko. Unali waufupi, wosemedwa molingana ndi dzanja la munthu wina.

Nsimayo inatuluka ndi timiyala ta ufa wouma m'kati, timene tinkaphulika m'kamwa. Ana anasamba m'manja, anatema kamodzi, anayang'anana. Wamkulu anati, "Atate, agogo anati tikawathandize kutsekera mbuzi." Anapita onse atatu, ndi wa zaka zinayi yemwe, amene mbuzi amaziopa. Anabwerako milomo ikunyezimira. Galu wathu, yemwe chaka cha chilala ankadya ngakhale zikonyo, anainunkhiza n'kupita kukagona kuseri kwa nkhokwe. Ine ndinadya ndekha mitanda iwiri pamaso pa aliyense wodutsa, kuti mbiri ya banja isaonongeke. Yotsala apongozi anaitenga, akuti aphikire munkoyo, ndipo mpaka lero akandiona amandifunsa ngati dzanja linapola.

Amake ana atabwerako sananene kanthu. Anangoyang'ana m'thumba la ufa, n'kundiyang'ana ine, n'kundipatsa chivindikiro cha ndowa.

Choncho abale athu a ku Lusaka, bwerani, msewu ndi wa tala ndipo chibwabwa chilipo. Koma mukamanyamuka muzitenga botolo la saladi, shuga ndi kamchere, mawu oyamikira tili nawo okwanira. Ndipo ngati adokotala anakuletsani nyama, musanene muli pa mkeka. Dikirani mpeni ugwire ntchito yake, mudzanene mbale zili patsogolo, gawo lanulo alipo amene adzakuthandizeni.