Mmene Mungaphere Gule wa Pantsula

Kupha gule wa achinyamata a m'lokeshoni sikulira apolisi kapena chikwapu. Akuluakulu a mtima wabwino amakwanitsa okha, ndipo zimandiwawa kuti ambiri sadziwa n'komwe kuti ndi zimene akuchita.

Yambani ndi kuwatcha matsotsi. Mnyamata akavala nsapato za Converse All Star, buluku la Dickies ndi kachipewa kaja amati spoti, nenani kuti wayamba umbava. Dzina limeneli lakhala likuwatsata ovina pantsula kuyambira m'ma 1950 ndi 1960, guleyu akumera ku Alexandra ndi ku Sophiatown ku Joni. Makolo athu amene akulera ana ku Joni nawonso amalitchula msanga. Mwana womutcha mbava tsiku ndi tsiku amasiya kuvina poyera, n'kupita kwa amene angamulandire ndi dzinalo.

Kenako alandeni malo. Holo ya m'dera muziitsegulira a ukwati ndi a maliro okha.

Koma njira yopha mwakachetechete ndi "kuwakonzera" guleyo. Bweretsani mphunzitsi wochokera kutali amene sanakwerepo sitima ya m'mamawa yochoka ku Soweto, muwauze ana kuti azimumvera. Iye achotse zonse zimene akuziona ngati zauve. Mu pantsula, mapazi amapalasa pansi mothamanga, thupi lili chowerama, anyamata asanu kapena asanu ndi mmodzi akusuntha ngati munthu mmodzi. Wina amagwada n'kugwedeza dzanja ngati akuponya madayisi pakona. Wina amakweza chala kuimitsa minibasi, mnzake n'kuimba mluzu wakuthwa, onse n'kutembenuka nthawi imodzi. Umenewu ndi moyo wawo, ndipo akuufotokoza ndi miyendo chifukwa palibe amene amawafunsa ndi pakamwa. Mphunzitsiyo achotse madayisi poti ndi juga, aletse mluzu poti ndi phokoso, azimitse nyimbo za kwaito, awaimike chilili kuti azimwetulira alendo. Masitepe atsala, koma eni ake sadziwonanso m'menemo, ndipo ayamba kujomba mmodzimmodzi.

Mukawaitana kudzavina pa mwambo wa kampani, alipireni mbale ya mpunga ndi botolo la chakumwa, muwauze kuti mwawathandiza kutchuka. Musawauze kuti gulu la pantsula la Via Katlehong, limene linayamba mu 1992, lavinapo m'maholo a zisudzo ku France, kapena kuti anyamata a Tofo Tofo a ku Mozambique anavina ndi Beyoncé mu vidiyo yake mu 2011. Akadziwa zimenezo adzafunsa mtengo wa thukuta lawo.

Atsikana auzeni kuti uwu ndi gule wa amuna, abwerere kukatsuka mbale. Ndipo mkulu wa gulu la ovina, amene madzulo aliwonse amasonkhanitsa ana aang'ono kuseri kwa golosale n'kumawaphunzitsa ulele, musamuitane mukamakambirana za achinyamata a m'deralo.