Ndinalipira mapaundi kukaona nyumba zopanda denga

Ine pa ndalama ndine wouma manja. Funsani amayi ogulitsa matimati pamsika wa kwathu: akandiona ndikubwera amayambiratu kuusa moyo, podziwa kuti nditsitsa mtengo mpaka pansi, kenako ndipemphanso basela. Ndiye mvetsani kuti munthu yemweyu anakatulutsa mapaundi ku England, mosakakamizidwa ndi aliyense, kuti amulole kuona nyumba zakugwa.

Anandiputa ndi mphwanga, mwana wa mlongo wanga, yemwe ndi namwino ku Bristol. "Amalume, Loweruka tikwere sitima tipite ku Bath. Kuli madzi otentha otuluka pansi, anthu akhala akusambako kuyambira nthawi ya Aroma." Nditamva za kusamba ndinalongedza thaulo, sopo ndi mwala wanga wokwechera mapazi, womwe ndinadutsa nawo pabwalo la ndege mopanda manyazi.

Madziwo alikodi. Amatumphuka ali otentha madigiri 46, malita opitirira miliyoni imodzi tsiku lililonse, ndipo dziwe limene Aroma anamanga zaka pafupifupi 2,000 zapitazo likadali pompo, lobiriwira ndi ndere, nthunzi ili tolotolo. Ndikuti ndiyambe kumasula zingwe za nsapato, mphwanga anandigwira mkono. "Amalume, ngakhale chala osaviikamo." Kusamba m'dziwe limeneli analetsa mu 1978 atapeza kachilombo koopsa m'madzimo. Wofuna kusamba amapita ku nyumba ina yatsopano, Thermae Bath Spa, yomwe inatsegulidwa mu 2006, n'kukalipiranso, n'kukakhala m'dziwe la padenga ndi anthu osawadziwa, wopanda sopo. Ine ndinangoyenda ndi thaulo langa m'khwapa.

Chomwe chinanditonthoza ndi tizidutswa ta mtovu pafupifupi 130 tomwe anatipeza m'kasupemo. Anthu a nthawi ya Aroma ankalembapo matemberero n'kuponya m'madzi, kupempha mulungu wawo wamkazi, Sulis Minerva, kuti akhaulitse mbava zomwe zawabera zovala ndi makobidi iwo ali mkati mosamba. Kuba malaya a munthu wosamba si kwa lero ayi. Thaulo ndinalipana kwambiri. Potuluka amakupatsani mwayi wolawa madzi a m'kasupe, omwe amati ali ndi michere 43. Poti kulawako kunali m'kati mwa tikiti, ndinagugudiza makapu angapo, ofunda, onunkha chitsulo, kuti ndalama yanga ibwerereko pang'ono. Mimba inandiyankha tili m'sitima pobwerera.

Pafupi ndi dziwe la Aroma lija pali tchalitchi cha Bath Abbey, pamalo pomwe Edgar anavekedwa ufumu wa England mu 973. Chomwe chilipo lerochi anayamba kuchimanga mu 1499, ndipo akuti Bishopu Oliver King anachita kulota angelo akukwera makwerero. Malotowo anawasema pakhoma lakumaso: makwerero awiri amiyala, angelo ali kalikiliki kukwera. Ndinakweza mutu mpaka khosi kuwawa, ndipo ndinaona mngelo wina akutsika chamutu, miyendo m'mwamba. Ameneyo ndinamumvetsa msanga. Ndi mmene ndalama za m'thumba mwanga zinkayendera.

Tsiku lina mphwanga anabwereka galimoto ya mnzake ndipo tinalowera ku Glastonbury kukaona nyumba yakale ya amonke. Pakhomo analipitsa. Titalowa ndinafunsa kuti nyumba ya amonkeyo ili kuti. "Mwaimamo kale, amalume." Ndinayang'ana kumwamba: mitambo. Kumanzere: chikhoma chotalika chokhala ndi zenera lopanda galasi. Pansi: kapinga wometedwa bwino kuposa mutu wanga. Denga linapita kalekale, Mfumu Henry VIII itathetsa nyumba za amonke n'kulanda chuma chawo. Mkulu wa amonke a pano, Richard Whiting, nkhalamba, anamupachika pa phiri la Glastonbury Tor mu 1539. Pamenepo nthabwala zinandithera kaye.

Koma amonke akale a pamalopa ndawavulira chipewa. Moto utatentha nyumba yawo mu 1184, ndalama zomangiranso zinavuta. Mu 1191 analengeza kuti pokumba apeza manda a Mfumu Arthur, yemwe akatswiri a mbiri yakale akutsutsanabe mpaka lero ngati anakhalakodi ndi moyo. Alendo anayamba kukhamukirako, zopereka zili m'manja. Padutsa zaka zoposa 800, ndipo ine wa kutali kuno ndinali pamzere womwewo, ndikujambulitsa pafupi ndi chikwangwani cha mandawo, mano onse pamtunda.

Ku Wells, kamzinda kakang'ono ka pafupi, ndinakachititsidwa manyazi ndi mbalame. Nyumba ya bishopu yazunguliridwa ndi ngalande ya madzi, ndipo m'menemo mumasambira mbalame zoyera zamakosi ataliatali, zangati atsekwe. Zikamva njala zimapita pansi pa zenera, n'kukoka chingwe ndi mlomo, belu n'kulira, chakudya n'kubwera. Mwambowu unayamba m'zaka za m'ma 1850. Ine ndakhala pabanja zaka zambirimbiri, koma nditayerekeza kuliza belu kuti nsima ibwere, mayi a kunyumba angandionetse pomwe pali nkhuni ndi mthiko.

Zonse ndinazipirira mpaka tinakwera phiri loyang'ana tauni ya Bath kukaona Sham Castle. Mukaima kumunsi mumaona linga lachifumu ndithu, nsanja zake, chipata chachikulu pakati. Mukazungulira kuseri mumapeza udzu. Ndi khoma limodzi basi. Mkulu wina wachuma, Ralph Allen, analimangitsa mu 1762 kuti akasuzumira pazenera la nyumba yake m'tauni aziona chinthu chosangalatsa maso. Ndinakhala chete, chifukwa ndinakumbukira nyumba yanga yomwe ndakhala ndikumanga kumudzi: khoma loyang'ana kumsewu ndinapaka pulasitala ndi penti kuti odutsa azidziwa kuti mwini wake si munthu wamba, pomwe kuseri mbuzi zimagona pabalaza ndipo m'chipinda chogona mwamera mpoza. Abale amati ndinalephera. A Allen anachita zomwezo, koma lawo lili m'mabuku a alendo.

"Amalume, mwatani?" Ndinamuuza mphwanga kuti ndapeza bizinesi. Malata sindigulanso. Ndikhoma chikwangwani, ndimeta kapinga, ndipeka dzina la mfumu yomwe inagonapo usiku umodzi, kenako ndikhala pakhomo ndi kabuku ka malisiti. Iye anangoti vuto ndi limodzi: bwinja kuti liyambe kulowetsa ndalama limafuna lidikire zaka mazana angapo, ndipo mwini wake akhale atamwalira. Mfundo yachiwiriyo sindinagwirizane nayo.

Ndiye inu amene mwana kapena mphwanu wakuitanirani ku England, ku Bath pitani ndithu, ndipo Wells ndi Glastonbury musazilambalale. Sopo ndi mwala musiye kunyumba, nyamulani ambulera poti nyumba zina zomwe mukaone zilibe denga, ndipo madzi olawa aja kapu imodzi yakwana.