Wophunzira Zaluso Akabwera Kutchuthi pa Mkanda

Wophunzira zaluso ndi mlendo amene amaoneka pa Mkanda, kumpoto kwa Boma la Mchinji, nthawi imene sukulu zaukachenjede zatsekera. Pa Mkanda palibe yunivesite. Pali msika, magolosale, zigayo, mashedi ogulira soya ndi mtedza, komanso tinjira tambirimbiri tolowera ku Zambia timene sitinaonepo chidindo cha pasipoti. Moyo wa pakoleji umafika kuno pa kabaza wa njinga yamoto, utanyamulidwa ndi munthu mmodzi kapena awiri, chikwama kumsana, mpukutu wa mapepala m'khwapa, ndipo anthu a pamsika amaweruza maphunziro onse a m'dziko muno potengera zimene aona pa munthu ameneyu.

Ambiri mwa ophunzira otere amachokera ku Zomba, kumene amaphunzitsa zojambula, zosema, nyimbo ndi zisudzo. Yunivesite ya Malawi inayamba kuphunzitsa mu 1965, ndipo Chancellor College inasamukira ku Zomba mu 1973. Mu 2021 boma linagawa yunivesiteyi patatu, dzina la Chancellor College n'kufufutidwa pa mapepala, koma uthengawu pa Mkanda sunalandiridwe. Mwana amene ali ku Zomba ali ku Chanco basi. Ena ochepa amachokera ku MUST ku Thyolo, yomwe inatsegulidwa mu 2014 ndipo ili ndi sukulu yake ya zachikhalidwe, koma nawonso amatchedwa a ku Chanco chifukwa palibe amene ali ndi nthawi yosiyanitsa. Ulendo wobwera kumudzi umadya tsiku lathunthu: Liwonde, Balaka, Ntcheu, Dedza, kusintha galimoto mu Lilongwe, kenaka msewu wa M12 mpaka pa Kamwendo kapena pa Boma. Wophunzira wamkazi amadziwa kuti pa Kamwendo ndi pomwe chitenje chimatuluka m'chikwama n'kuphimba buluku. Wamwamuna alibe mwayi wotero, popeza tsitsi lamanyololo silibisika.

Chiyambi cha mavuto a wophunzirayu chili pa tsiku limene dzina lake linatuluka kuti wasankhidwa kupita ku yunivesite. Tsiku limenelo kunaphedwa mbuzi, kunaimbidwa nthungululu, koma panalibe amene anafunsa kuti mwanayu akukaphunzira chiyani. Funsoli limadza chaka chachiwiri, amalume atawerenga matumba a mtedza wa CG7 amene apita ku fizi ndi mabelo a fodya amene anakagulitsidwa ku Chinkhoma.

"Kodi mphwanga, ukamaliza udzakhala loya kapena dokotala?"

"Ndikuphunzira zojambula ndi zisudzo, amalume."

"Zimenezo n'zochita munthu akaweruka. Ine ndikufunsa sukulu yeniyeniyo."

Kukambirana kumeneku kumabwerezedwa tchuthi chilichonse mpaka adzamalize sukulu, ndipo palibe mbali imene imasuntha.

Za moyo wa ku Zomba, wophunzirayu amafotokoza mosankha. Anzake a kusekondale, amene tsopano ali pa kabaza kapena pa sikelo ya soya, amamva za Great Hall, za laibulale yosanjikizana, za phiri lozizira ndi za madansi a Loweruka. Samva za kachipinda ka lendi ku Chikanda komwe amagonamo atatu, za tchipisi cha pachiwaya chomwe chimakhala nkhomaliro ndi mgonero womwe, kapena za masabata odikira ndalama ya ngongole kuchokera ku bungwe lomwe boma linakhazikitsa mu 2015. Samvanso kuti penti ndi wodula kuposa ndiwo, kotero kuti mwezi ukafika pakati wophunzira amasankha pakati pa mtundu wofiira ndi usipa.

Tawuni ya Mkanda sitaya nthawi ndi mlendo waluso. M'mawa mwake mwa tsiku lofika, mwini golosale amakhala atafika kale pakhonde, chipewa m'manja, kudzafunsa za moyo wa ku Zomba, za thanzi la aphunzitsi ndi za mvula ya kum'mawa. Malonje akatha, nkhani imatuluka: khoma la golosale likufunika dzina latsopano, chithunzi cha sopo ndi chenjezo loletsa ngongole. Malipiro ake ndi Fanta, bansi ndi mawu akuti "tidzaonana, achimwene." Pambuyo pake pamabwera aphunzitsi aakulu a kupulayimale ofuna mapu a Malawi ndi chithunzi cha mtima wa munthu pa khoma la Sitandade 7, akuluampingo ofuna nsalu ya msonkhano, ndi azakhali ofuna chithunzi chawo koma chopanda makwinya. Kukachitika maliro, mtanda umabwera usiku womwewo kuti alembepo dzina ndi zaka, ndipo ntchito imeneyi sikanidwa. Kutchula mtengo pa zonsezi n'kusaleredwa. Munthu amene mudzi wonse unamuimbira nthungululu sangagulitse dzanja lake kwa abale.

Muyeso wa luso pa Mkanda ndi umodzi: chinthu chifanane ndi mwini wake. Pa chifukwa chimenechi katswiri weniweni wa pamalopo ndi wolemba zikwangwani amene analekera Sitandade 8. Iyeyu ndiye anajambula mitu ya pa babashopu, ng'ombe ya pa butchala ndi mavesi a kumbuyo kwa njinga za kabaza. Chingerezi chake chimatsimphina, zilembo zimapanikizana kumapeto chifukwa khoma linamuthera, koma ng'ombe yake ndi ng'ombe ndithu, ndipo ngakhale mwana amadziwa kuti m'katimo muli nyama. Wophunzira wa ku Zomba akatambasula ntchito yake ya chaka chachitatu, nsalu yodzaza mizere yakuda ndi madontho ofiira imene akuti ikuonetsa kulira kwa mlimi, anthu amaizungulira mwaulemu. Wina amaitembenuza chadodolido kuti mwina ioneke. Agogo, amene sadziwa kunyengerera, amafunsa ngati penti anachita kumutayikira, ndipo ngati aphunzitsi anamukhululukira. Wolemba zikwangwani uja sanena kanthu. Amangodutsa pang'onopang'ono, burashi kukhutu.

Koma wophunzirayu sabwera kudzapuma kokha. Amabwera ndi pulojekiti, ndipo mutu umene aphunzitsi ake amaukonda kwa mwana wa ku Mchinji ndi Gule Wamkulu. Mkanda ndi dera la Achewa, ndipo mu 2005 bungwe la UNESCO linalengeza guleyu kuti ndi chuma cha chikhalidwe cha dziko lonse lapansi, cha Malawi, Zambia ndi Mozambique. Ali mwana, wophunzirayu ankathamangitsidwa ndi zilombo pochokera kusukulu, ndipo makolo ake opemphera ankamukwapula akamva kuti anaima pabwalo. Zigoba anakazionera pafupi ku Mua, m'nyumba yosungiramo zakale ya Chamare pa Kungoni, malo amene wansembe Claude Boucher anayambitsa mu 1976. Anapitako pa basi ya sukulu, atalipira, ndi kope m'manja. Anabwerako atatengeka mtima ndi chinthu chomwe chinali kuseri kwa munda wa amayi ake zaka zonsezi.

Kafukufuku wake amayambira kwa nyakwawa, ndi kangachepe m'manja. Akuluakulu amasonkhana pansi pa mtengo, ndipo mafunso atatu oyamba, okhudza dzina la mudzi, mvula ndi mbiri ya ufumu, amayankhidwa mowolowa manja mpaka dzuwa kupendeka. Funso lachinayi limafuna kudziwa mtengo umene amasemera chigoba cha Chadzunda ndi dzina la mmisiri wake. Apa pamagwa chifuwa. Wina amayang'ana kumwamba, wina amafuna fodya wake wamphuno.

"Mwana wanga, chilombo sichisemedwa. Timachita kukawedza."

"Chabwino agogo, koma amene amapaka pentiyo ndani?"

"Kodi iwe unagula njira?"

Akavomera kuti sanagule, akuluakulu amamuthandiza mokondwa: abwere ndi nkhuku madzulo ano, ndipo pofika mawa mafunso ake onse adzakhala atayankhidwa, kungoti sadzaloledwa kulemba yankho ngakhale limodzi. Pamenepa wofufuza amakumbukira kuti amayi anamutuma kuchigayo. Mu lipoti lake mumalembedwa kuti anthu a m'derali amasunga chikhalidwe chawo mwamphamvu.

Wa zisudzo amakumana ndi zina. Iye amatsata mwambo wa Travelling Theatre ya ku Chanco, yomwe inayamba mu 1970, ndipo m'zaka za m'ma 1980 akatswiri monga Chris Kamlongera anapita ndi masewero m'midzi ya ku Mbalachanda ku Mzimba ndi ya ku Liwonde kuti anthu azikambirana okha mavuto awo. Njira yake ndi yoti sewero lisamalizidwe ndi osewera okha, oonerera alowererepo. Vuto loyamba ndi lakuti mabungwe anafika pa Mkanda wophunzirayu asanafike, ndipo anaphunzitsa achinyamata kuti munthu akaitanidwa kukakhala pa bwalo n'kulembedwa dzina, pamapeto pamakhala alawansi. Tsiku loyamba lokonzekera kumabwera khamu. Zikadziwika kuti mkonzi wa sewero nayenso akudikira ngongole, tsiku lachiwiri kumatsala msuweni wake ndi ana a kwaya.

Sewero likafika pamsika, mutu wake umakhala wa venda wa sikelo yobera. Kulowerera kumene mabuku a zisudzo amalimbikitsa kumachitika mopyola muyeso. Mayi wina amafuula kuti chipewa chimene wavala wosewerayo achidziwa. Bambo wina amatchula dzina, shedi ndi tsiku limene thumba lake la makilogalamu 50 linalemera 43. Mwini dzinalo, yemwe wakhala akuseka kutsogolo ndi chimanga chootcha m'manja, amasiya kutafuna. Chochitika chomaliza chimaseweredwa kwa amfumu patapita masiku awiri, ndipo nkhuku ya chindapusa imachoka m'khola la amalume. Ku Zomba ntchitoyi imapatsidwa malikisi apamwamba chifukwa anthu anatengapo mbali.

Wojambula kanema pa foni amatha msanga. Akaloza foni kumsika, aliyense amasiya zomwe amachita n'kuima chilili, manja m'mbali. Akabaza amafuna ndalama poti chithunzi chawo chikukagulitsidwa kwa azungu, ndipo foniyo ikalumphira pa netiweki ya ku Zambia, mayunitsi amatha kanema asanatumizidwe.

Masiku omaliza a tchuthi amakhala otolera zipangizo. Wophunzira amaoneka kudzala la pamsika akutola zitsekerero za mabotolo, mawaya ndi majumbo, ndipo azimayi a pamjigo amagwirizana kuti mabuku amusokoneza mwana wa eni. Ana ndiwo amapindula. Galimoto yawo ya waya, yokhala ndi chiwongolero chachitali ndi matayala a patapata, amaigula pa mtengo wa mandasi. Ikafika ku Zomba imaikidwa pa tebulo loyera pa chionetsero cha kumapeto kwa chaka, pambali pake pali kapepala ka Chingerezi kofotokoza za kayendedwe ka anthu a m'malire, ndi dzina la wophunzirayo.

Pobwerera, kabaza amamangirira thumba la ufa, chigubu cha mtedza wokazinga ndi nkhuku yootcha ya panjira. Ntchito zojambula zomwe sizinakwane m'chikwama zimatsala kwa amayi, amene amalonjeza kuzisunga bwino. Banja limazindikira msanga kuti nsalu yopakidwa penti wa mafuta ndi yolimba ndipo silowa madzi. Kulira kwa mlimi kumayamba kutseka zenera la kukhitchini m'nyengo ya Juni, kenaka mvula ikayamba kumasamukira pa denga la khola la nkhunda, mbali yopakidwayo itayang'ana pansi kuti anthu odutsa asamafunse.