Tsiku limene Ulongwe yense anasanduka mainjiniya

Pa Ulongwe pano ukafuna kudziwa kuchuluka kwa abale ako, usachite kudikira maliro. Ingogulitsa matumba angapo a mbatatesi, ndalama uzipinde m'thumba la malaya, kenaka unene mokweza pang'ono kuti ukufuna kugula kanthu. Dzuwa lisanapendeke upeza uli ndi alangizi okwana kudzaza shapa, ena mpaka kulendewera pakhomo.

Ine zinandionekera chifukwa cha mphwanga, mwana wa mlongo wanga. Mnyamatayu ali ndi kachipinda kuseri kwa msika, momwe muli kompyuta imodzi, TV, mapadi awiri ndi benchi lopendama. Ana amaponya mametikali 10 n'kumenya mpira mphindi zingapo. Kompyutayo inachokera ku ofesi ina ya ku Tete imene inatsekedwa, ndipo moyo wake wonse inkangolemba makalata ndi kuwerengera malipiro. Atayiikamo masewera atsopano inayamba kukoka miyendo. Osewera ankathamanga ngati atitimira m'dambo la Febuluwale. Mpira ukamenyedwa Lolemba, m'golo unkafika Lachitatu. Ana, omwe sadziwa chibale, anasamukira kwa mnyamata wina wa tsidya la msewu amene ali ndi PlayStation.

Madzulo ena anabwera kwathu, chipewa kumanja, n'kukhala pansi mwaulemu umene ndimauona pokhapokha akafuna ndalama.

"Malume, kompyuta ija ikufuna pulaka."

Pulaka imene ine ndinkaidziwa ndi ya m'mbali mwa msewu, yolozera ku Domwe kapena ku Calómuè. Ndinamuuza kuti ndili ndi lata lakale, akhoza kulembapo yekha ndi utoto. Anaseka mobisa, n'kundifotokozera kuti akunena khadi la zithunzi. Akuti m'kompyuta muli kapitawo, dzina lake pulosesa, amene amaganiza ndi kulamula. Koma wojambula udzu wa m'bwalo, thukuta la osewera ndi ukonde wa golo ndi wantchito wina, ndipo amayenera kujambula chithunzi chonse mwatsopano ka 30 kapena ka 60 pa sekondi iliyonse. M'kompyuta yake wantchito ameneyu munalibe, kapitawo ankachita kugwira yekha khasu.

Tinaphatikiza zake ndi zanga za mbatatesi, zinakwana mametikali 8,000. Ndinamulangiza kuti asauze munthu. Iye anangouza mnzake mmodzi yekha, ndipo pa Ulongwe kuuza munthu mmodzi n'chimodzimodzi kulengeza pa wailesi.

Woyamba kutigwira anali mkulu wometa. Ine ndinali pampando, theka la mutu litametedwa, moti kothawira kunalibe.

"Tiyu, nkhani ya makadi musavutike nayo. Chinsinsi ndi magiga. Foni ya magiga ambiri ndiyo yabwino, si choncho? Msuweni wanga ali ndi GT 730 ya magiga 4, akupatsani pamtengo wachibale."

Mphwanga, ataima pakhomo, anayankha mofatsa kuti magiga ndi kukula kwa ngolo basi, koma chokoka ngoloyo ndi ng'ombe. GT 730 ija, akuti, ndi ngolo yaikulu yomangidwa pa bulu wokalamba. Wometa anakhumudwa, ndipo mzere umene anandidula kumbuyo kwa khutu unandiperekeza milungu iwiri.

Wachiwiri anali mnyamata wa magalasi amene amaphunzira zaulimi pa UniZambeze. Masana amayeza dothi, usiku amagonera YouTube. Ameneyu sanafune n'komwe kumva za ndalama zathu.

"Mano, usataye nthawi ndi zidole. RTX 4090 basi. Zinazo n'kungodzinyenga."

Tinamufunsa mtengo. Anati itatuluka mu 2022 inkagulidwa madola 1,599, ndipo ikakwiya imadya mawati 450. Ndinayamba kuwerengera m'mutu, ndipo ndinapeza kuti tikagulitsa munda, ng'ombe ziwiri ndi njinga ya alamu anga, mwina tingathe kulipira theka. Ndinamufunsa ngati iye ali nayo. Anati pakadali pano akugwiritsa ntchito laputopu ya mnzake, koma makanema onse a khadilo anawaonera mpaka kumapeto.

Wakabaza amene amandinyamula Loweruka lililonse sanadikire kuti ndikhale bwino pachishalo. Anayamba nkhani ali pa liwiro, mutu atatembenuzira kwa ine, msewu akuuyang'ana mwa apo ndi apo.

"Shefi, achimwene anga ali ku Joni. Akuti kumeneko RX 580 ya magiga 8 akungotaya ngati tomato wa madzulo. Mungotumiza pa M-Pesa kwa munthu wawo, khadi libwera ndi basi."

Wosintha ndalama nayenso anali ndi nzeru zake. Anatikokera pambali, mpukutu wa makwacha uli m'manja, n'kutikumbutsa kuti Lilongwe ali pafupi kuposa Tete, ndipo kwacha anagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Mukangodutsa pa Dedza, akuti, mametikali anuwo asanduka chuma cha mfumu. Anangoiwala kutiuza kuti eni masitolo a ku Lilongwe nawonso amamvera wailesi, ndipo mitengo anaikweza kalekale.

Kunyumba nkhani inali itafika kale. Mlongo wanga anaima pakati pa bwalo, manja m'chiuno.

"Achimwene, inu munthu wamkulu, ndalama yokwana feteleza mukufuna kugulira mwanayu zidole? Zithunzizo tidzadyera ndiwo yanji?"

Mayi a kunyumba sanakweze mawu. Anangondilondolera pa mita ya magetsi ya Credelec, n'kuloza manambala ndi chala, n'kubwerera kukhitchini. Ndinamva zonse.

Pofika Lachinayi tinali titamva maganizo a wogulitsa makala, a mayi wa zitumbuwa, a mlonda wa pa banki ndi a mkulu wa mpingo amene anati chilichonse tingagule tiyambe tabwera nacho adzachiike manja. Onsewa palibe ndi mmodzi yemwe amene anaionapo kompyutayo. Amati mutu umodzi susenza denga, koma mitu ikachuluka denga limathera m'mapewa mwa anthu, nyumba ili pamtunda.

Kumapeto kwa msika kuli bambo wina wokonza mawailesi ndi mafoni, amene aliyense amangomutchula kuti a Tekiniko. Salankhula kawirikawiri, n'chifukwa chake anthu amamuyesa wosadziwa zambiri. Tinapitako titatopa. Anamvetsera mayina onse a makadi osatidula, kenaka anafunsa funso limene tauni yonse inaliiwala.

"Kodi bokosilo munalitsekulapo?"

Tinayang'anana. Mphwanga anathamanga kukaitenga. A Tekiniko anamasula chivindikiro, ndipo munatuluka fumbi la nyengo zitatu za chilimwe, kangaude ndi ana ake, ndi mphemvu imodzi yonenepa imene inatiyang'ana ngati tabwera kudzaitulutsa m'nyumba ya lendi. Iwo anapukuta kabokosi kachitsulo ka pakona, kamene amati fonte, n'kutiwerengera zolembedwapo: mawati 240.

"Nkhokwe yanu ndi imeneyi," anatero. "Aliyense m'nyumbamu amadya kuchokera muno. RX 580 ija payokha imafuna mawati 185, ndiponso imafuna chingwe chakechake cha magetsi chimene fonte iyi ilibe. Opanga ake amati fonte ikhale ya 500. Mukaikakamiza, pofika pa penate kompyuta izizima."

Kenaka anathyola kachitsotso, n'kuyeza kupingasa kwa bokosilo, n'kutipatsa kuti tisunge. Bokosi la muofesi ndi lopyapyala, khadi lalikulu silingalowe ngakhale mutalipaka mafuta ophikira. Walira mvula walira matope: khadi lalikulu likufuna fonte yatsopano, fonte yatsopano ikufuna bokosi latsopano, ndipo mapeto ake mwagula kompyuta ina ndi ndalama zimene mulibe.

Za makadi otchipa a ku Joni anatiuza mbiri yake. RX 580 inatuluka mu 2017, ndipo anthu ambiri sanaigulire masewera. Ankaisanjika mazanamazana m'mashedi kuti izikumba ndalama za pa intaneti, makamaka Ethereum, usana ndi usiku osapuma. Mu Seputembala 2022 Ethereum inasiya njira yokumba ija, ndipo makadi onse otopawo anakhuthukira pamsika.

"Ena akadali amphamvu ndithu," anatero a Tekiniko. "Koma ng'ombe imene yalima zaka zisanu osamasulidwa goli sugula pa foni. Umayamba waiona mano."

Apa mphwanga anatulutsa foni n'kuwaonetsa chithunzi cha pa WhatsApp: GTX 1050 Ti yatsopano, ya m'pepala, pa theka la mtengo. A Tekiniko anachikulitsa ndi zala, n'kuloza kabowo kabuluu ka VGA kumbuyo kwake, n'kupukusa mutu. Akuti pali akathyali amene amatenga khadi lakale ngati GTS 450 ya mu 2010, n'kulisintha dzina m'kati kuti likalowa m'kompyuta lizidzitchula 1050 Ti. Chikomekome cha mkuyu. Mankhwala ake ndi kapulogalamu kotchedwa GPU-Z, kamene kamaulula dzina lenileni la khadi monga amachitira azakhali pa mlandu wa chikamwini.

Malangizo awo anali aafupi. Tipeze GTX 1050 Ti yeniyeni kapena GTX 1650, yaifupi msinkhu yolowa m'bokosi lopyapyala, yosafuna chingwe chapadera, chifukwa makadi amenewa amakhuta ndi mawati 75 amene amapezeka pa kabowo kolowetsapo khadi. Tisalipire tisanaione ikugwira ntchito m'kompyuta yathu yomwe. Nditafunsa za malipiro awo, anati tingowagulira chingwa pobwera. Pa alangizi onse aja, yekhayo wodziwa ndiye anali wotchipa.

Loweruka m'mamawa tinakwera shapa ya ku Tete. Kompyuta tinaikulunga m'chitenje, mphwanga n'kuifungatira pamiyendo. Mayi wina anatifunsa mwachifundo kuti mwanayo wayamba liti kudwala. Tinanyamuka titavala majuzi awiriawiri chifukwa cha chisanu cha kwathu, koma podutsa pa Moatize tinali titavula zonse zololedwa kuvula, ndipo powoloka Zambezi ndinkadzimva ngati mbatatesi ya m'chiwaya.

Tinayenda masitolo anayi, kachitsotso kathu kali m'manja. Ogulitsa ankatiseka mpaka pamene kachitsotsoko kanayamba kukana makadi awo limodzi ndi limodzi. M'sitolo yachisanu tinapeza 1050 Ti yogwirapo kale ntchito, khadi la mu 2016, la magiga 4, kakang'ono ngati sopo wochapira. Analilowetsa, GPU-Z inavomera dzina lake, ndipo mpira unayenda. Mphwanga anandinong'oneza kuti pa mndandanda wa zofunika za FIFA 23, khadi limeneli ndilo lotsikitsitsa lololedwa. Ndinati palibe kanthu, ngakhale wokhoza mayeso ndi mamalikisi a pamalire amalandira satifiketi.

Tikutuluka, mphwanga anaona chibokosi chopanda kanthu pakona, chakuda, chonyezimira, cholembedwa RTX ndi zilembo zazikulu ngati za pa basi. Anapempha kuti amuikire basela. Mwini sitolo anakondwa kuti zinyalala zapeza wozinyamula.

Titafika pa Ulongwe, kakhadi kanali kale m'mimba mwa kompyuta momwe palibe angakaone. Chimene tauni inaona ndi chibokosi chija, mphwanga atachinyamula pamutu kuchokera pa siteji mpaka kumsika. Anachikhazika pa shelefu pamwamba pa TV, n'kuchipukuta ndi malaya. Sananame kwa munthu aliyense. Ankangoti akafunsidwa, amwetulire.

Mawa lake kachipinda kanadzaza mpaka pawindo. Wometa anati wamva yekha kuti magiga achuluka, monga ananenera. Wakabaza anauza okwera onse kuti katunduyo anabwera kudzera mwa achimwene ake a ku Joni. Wosintha ndalama anati zoterezi zimapezeka ku Lilongwe kokha. Mnyamata wa magalasi anayandikira TV, n'kuvula magalasi, n'kuwavalanso, kenaka anafotokozera ana kuti kuwala kumene akuona pa udzuko ndi luso lapadera la RTX, ndipo munthu wosaphunzira sangalizindikire. Mkulu wa mpingo anaika manja pa bokosi. Mlongo wanga, amene ankalira feteleza uja, anamveka pachitsime akuuza anzake kuti mwana wake kuyambira ali wamng'ono anali ndi mutu wa zamakina.

A Tekiniko anadutsa madzulo kudzatenga chingwa chawo. Anayang'ana bokosi, anayang'ana mphwanga, anayang'ana ine, n'kunyamuka osanena kanthu, mapewa okha akugwedezeka.

Ndalama zanga za mbatatesi sizinabwerebe, chifukwa mlangizi aliyense amati ali ndi ufulu wosewera ulere pa khadi limene anasankha yekha. Koma chiyembekezo chilipo. Usiku wa dzana kunamveka kugogoda pakhomo panga. Nditatsekula ndinapeza mnyamata wa PlayStation wa tsidya la msewu uja, chipewa kumanja, maso pansi.

"Pepani madala, ndabwera usiku. Mundilankhulireko kwa mphwanu. Khadilo ayi, ndilibe nalo ntchito. Koma bokosi lija, Loweruka lokha, angandibwereke pa zingati?"