Khoswe wa pamkhate ndi makobiri a Kamuzu

Akale anati khoswe akakhala pamkhate sapheka. Ukamugenda, usweka ndi mkhate wako, iye n'kulowa kudzenje ali bwinobwino. Ankanenera mbale amene wakulakwira, poti kumutengera kubwalo n'kudzivula wekha. Sankadziwa kuti mwambiwu udzawakwana bwino anthu ena odabwitsa a masiku ano, osunga ndalama zosagula ngakhale machesi.

Alipo anthu otere, ndipo musafulumire kuwaseka. Wina ali nazo zonse zinayi zimene dziko lino linatulutsa mu 1964 titangolandira ufulu: sikisipensi ya tambala, sheleni ya chimanga, ya masheleni awiri ya njovu ndi half crown, zonse mutu wa Kamuzu kuseri. Wina ali ndi makobiri oboola pakati a nthawi ya Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, wina matambala oyamba a 1971 pamene kwacha inalowa m'malo mwa paundi. Amene Mulungu anamuyang'ana bwino ali ndi Krugerrand, ndalama yagolide ya ku South Africa imene inayamba kusulidwa mu 1967. Onsewa tulo sabwera bwino.

Mbala yochokera kunja ndi yosavutitsa mutu. Mumagula sefa yolemera, n'kuimanga ndi mabawuti pansi pa simenti kapena kukhoma. Sefa yosamanga ndi mphatso yokutira kale: akuba amangoisenza, akaitsegula kwawo atamwa tiyi. Musaiikenso kuchipinda chogona, chifukwa wakuba aliyense, ngakhale woyamba kumene ntchito, amayambira komweko, kenako pansi pa matiresi. Koma sefa nayo ili ndi khalidwe lake. Zambiri zoteteza ku moto zimasunga chinyontho mkati, ndipo dzinja la kwathu kuno mukulidziwa. Timapaketi tija mumapeza m'bokosi la nsapato zatsopano, tolembedwa kuti musadye, ndi tomwe timayamwa chinyontho. Ikanimo tambiri ndipo muzitisintha. Timatumba tapulasitiki tofewa ta PVC timatulutsa asidi pang'onopang'ono, Kamuzu n'kuyamba kubiriwira masaya. Mphira womangira ndalama uli ndi sulufule, siliva akaununkhiza amada. Ndalama iliyonse ikhale m'kachikuto kakekake kolimba, ndipo poigwira muzigwira m'mphepete, osati kudinda chala chathukuta pankhope.

Ena amati bola kubanki, m'timabokosi tobwereka tija. Nzeru ndithu, kungoti banki kawirikawiri sidziwa chimene mwaikamo, choncho inshuwalansi ndi yofuna nokha. Ndipo chitsulo chili chonse chili ndi wochiboola. Pa Isitala wa 2015 ku Hatton Garden mu London, gulu la madala, ena a iwo opitirira zaka 60, linaboola khoma lakonkire n'kutsegula timabokosi 73. Anzawo amsinkhu umenewo anali kutchalitchi.

Enanso anamva zoti chuma chili m'nthaka n'kuzitenga momwe zilili: chitini, khasu, usiku. Nthaka imasungadi, koma sisungira mwini. Mu 1992 ku Hoxne ku England, munthu wina akufunafuna hamala yotayika anafukula ndalama za Aroma pafupifupi 15,000. Amene anazikwirira sanabwerenso kudzazitenga.

Nkhani yondikhuza ine ndi ya ku Berlin. Mu Malichi 2017 akuba analowera pawindo la Bode Museum ndi makwerero, n'kutenga ndalama imodzi yokha, Big Maple Leaf, golide wolemera makilogalamu 100. Anaikankha pa wilibala ngati akupita kuchigayo. Mpaka lero sinapezeke. Mwa anthu amene khoti linawapeza olakwa mu 2020, mmodzi anali mlonda wa pamalo pomwepo. Galasi losabooledwa ndi chipolopolo linalipo, alamu inalipo, khoswe anali atavala yunifolomu.

Kunyumba kwanu makoswe savala yunifolomu, ndipo ambiri sakhala ndi mtima wakuba n'komwe. Woopsa kwambiri ndi waukhondo. Inu mwapita kuntchito, mayi akunyumba apeza kabokosi kanu, aona makobiri akuda bii, chisoni chawagwira. Phulusa lilipo, mandimu alipo, kamchenga kokwechera mapoto kalipo. Madzulo akulandirani ndi mbale yonyezimira.

"Bambo a Chikondi, taonani ndakutsukirani ndalama zanu zija. Zinali zonyansa zedi."

Kuda kuja ndi kumene ogula ndalama zakale amafuna. Kumasonyeza kuti ndalamayo sinakhudzidwe kwa zaka makumi angapo, ndipo yokwechedwa imakhala ndi timizere tambirimbiri toti wodziwa amationa asanavale ndi magalasi. Mtengo wagwa, saudzutsanso. Ndiye mutani? Mukawasumire kwa ankhoswe kuti anakutsukirani katundu? Ankhoswe adzayamba aseka, kenako adzakufunsani chifukwa chimene munabisira mkazi wanu chuma. Mumangoti, "Zikomo mayi, mwagwira ntchito," n'kutuluka panja kukayang'ana kumwamba.

Wachiwiri ndi mlamu wanu waluso la manja, amene wabwera kudzakuthandizani kukhoma malata akhitchini. Mawashala amuthera. Aona makobiri a Chitaganya oboola kale pakati, msomali ukulowa bwinobwino ngati anachita kuyeza. Denga silidonthanso, ndipo Chitaganya chonse chili pamwamba pa khitchini chikuwombedwa ndi dzuwa. Za ana sindinena zambiri. Mwana akapeza ndalama yosagula kanthu amaipezera ntchito ina, ndipo pofika madzulo yasinthidwa kale ndi mabulo awiri kuseri kwa sukulu.

Koma alipo khoswe weniweni, uja mumamulipirira fizi. Mwana wa mlongo wanu waona pa intaneti kuti ndalama ina yakale inagulidwa mamiliyoni kunja. Sadziwa kuti zambiri mwa zanuzo zinasulidwa zochuluka ndipo mtengo wake ndi wapakati, iye akungoona galimoto. Anadziwa bwanji kuti muli nazo? Munaziika nokha pa Facebook, mutaziyala patebulo, windo lachipinda likuoneka kumbuyo. Zikasowa, mudziwa amene watenga, mlongo wanu adziwa, mudzi wonse udziwa. "Achimwene, ndi mwana wanu yemwe uyu, mukam'mangitsa chifukwa cha tizitsulo?" Pamenepo apolisi alibe ntchito.

Apa ndi pamene nkhani ya sefa imasanduka nkhani ya pakamwa. Mukaulula kuti tizitsuloti ndi tamtengo, mwaitana makoswe. Mukabisa, mwaitana phulusa ndi mandimu. Ine ndimaona kuti bola kuuza munthu mmodzi wamutu, makamaka amene mumagona naye nyumba imodzi, n'kumuonetsa chifukwa chake sizitsukidwa. Lembani m'kabuku ndalama iliyonse, chaka chake, kumene munaipeza ndi mtengo wake, muijambule mbali zonse ziwiri, ndipo kabukuko kasagone m'sefa momwemo. Pa wilo tchulani amene adzazitenge.

Mukapanda kutero, tsiku logawana katundu wamasiye abale adzakanganirana firiji ndi sofa, kabokosi kanu kali pakona. Kadzathera kwa mnyamata wogula zitsulo zakutha uja amayenda ndi sikelo panjinga. Ameneyo sayang'ana chaka. Adzathira Kamuzu wa 1964 m'thumba limodzi ndi mabawuti adzimbiri, n'kulipira pa kilo.