Galimoto Yovula Chipewa

Amuna anzanga akafika zaka 45 amayamba kuganiza za mawa. Wina amagula puloti ku Chileka, wina amaweta nkhumba, wina amalowa komiti ya zomangamanga kutchalitchi. Ine ndinagula galimoto yovula chipewa. Ndikunena zija za denga la nsalu, zoti ukadina batani denga limadzipinda lokha n'kukagona kumbuyo, iwe n'kutsala poyera ngati mphale yoyanika pamkeka.

Matendawa ndinawatenga ndili mwana. Tili kupulayimale ankatindandalitsa m'mbali mwa msewu kuyambira m'mawa, m'mimba muli gwaa, kudikira kuti Kamuzu adutse pa galimoto yopanda denga akugwedeza litchowa. Anzanga ankayang'ana litchowa. Ine maso anali pa galimoto.

Ndinaipeza pa intaneti, ya 2004, ili ku Japan. Kumeneko galimoto ikatha zaka 3 boma limafuna kuti iyesedwe, kenako zaka 2 zilizonse, ndipo kuyesako kumadya ndalama, ndiye eni ake akatopa amazikweza sitima kuti tizimalize ife. Yangayi inatsikira pa Dar es Salaam, kulowa pa Songwe, kukwera Chiweta, mpaka kufika pakhomo panga ku Blantyre. Ndinali nditamaliza kulipira kwacha isanagwe ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo kwa mwezi wathunthu ndinkauza aliyense pa bawo kuti nkhani za chuma azifunsa ine. Za msonkho sindinena, mayi akunyumba angawerenge nkhani ino.

Iwo ataizungulira kawiri anangofunsa funso limodzi: "Bambo a ana, thumba la chimanga lizikhala pati?" Ndinawayankha kuti si galimoto iliyonse imene inabadwira kuchigayo.

Chaka choyamba ndinadyerera. Ana ankandithamangira, akabaza ankandiimbira mluzu, makondakitala a minibasi ankakuwa kuti "Madala, denga mwapinyolitsa?" Sindinkawayankha. Munthu wovula denga pa Chipembere Highway sayankha kondakitala. Fumbi ndinalidya, dazi linapsa mpaka kusupuka, koma zonsezo ndinkaziwerengera kuti ndi msonkho wa ulemerero. Galaja ndilibe, choncho galimoto inkagona panja, masana n'kuswera padzuwa kuntchito.

Kumapeto kwa Okutobala wotsatira ndinayamba kumva kamluzu kumbuyo ndikathamanga. Ndinakweza wailesi. Patapita masabata awiri ndinaona kuti galasi lakumbuyo lalekana ndi nsalu m'mphepete mwa m'mwamba, kampata kongolowa chala. Ndinati ndiona Loweruka. Loweruka kampata kaja kanali kolowa dzanja.

Mvula yoyamba inandipeza nditanyamula apongozi aakazi, kuchokera nawo kudepoti. Anakhala kumbuyo, pa mpando umene anaupanga poganizira mwana wa sitandade 2, maondo ali pachibwano. Madzi anayamba kuwatsikira m'khosi. Inu mukudziwa kuti mkamwini ndi apongozi sachulutsa nkhani. Iwo sanadandaule, sanatsokomole n'komwe. Ndinangoona pa kalilore akutsegula chikwama mwaulemu, kutulutsa ambulera, n'kuitambasula m'kati mwa galimoto yanga. Tinayenda choncho mpaka kunyumba. Potsika anati, "Zikomo bambo, mwatiyendetsa bwino." Mawu amenewo amandidzutsabe usiku.

Ndinayamba ndi selotepi yaikulu ija yomatira makatoni. Inagwira kuchokera pakhomo mpaka pa msika wa Limbe, kenako inayamba kuuluza ngati mbendera ya chipani chogonja. Ndinagula supa guluu kwa mnyamata woyenda naye pamanja, timachubu 6. Guluu ameneyu amauma gwa ngati mwala, pamene nsalu imafuna kupindika, ndiye nditangotsegula denga kamodzi zonse zinathetheka, kusiya nsalu yolimba ngati chikopa cha ng'oma ndi galasi lochita mbuu. Alamu anga, amene amakonza mipope ndi masinki, anabwera ndi silikoni. Anapaka mowolowa manja ngati akuzira nyumba, n'kundilipiritsa mabotolo awiri. Masiku anayi, galasi linabwerera pomwe linali. Telala wapakhonde anaiyang'ana nthawi yaitali n'kunena kuti, "Bwana, nsalu ndisoka, koma singano yoboola galasi sindinaionepo." Amalume kumudzi atamva pafoni anati anditumizire ulimbo, poti sunawakhumudwitsepo pa mpheta.

Nditafunsa za denga latsopano ndinauzidwa kuti galasi siligulitsidwa palokha, limabwera lomatidwa kale ku nsalu yake, ndipo zonse n'zoitanitsa kunja. Mtengo wake nditaumva ndinapempha madzi akumwa.

Amene anandipulumutsa ndi bambo wina wachikulire wosoka mipando ya galimoto ku Ndirande, amene anagwirapo ntchitoyi ku Johannesburg. Anayendetsa chala m'mphepete mwa galasi, kununkhiza, n'kundiyang'ana ngati namwino amene wapeza kuti wodwala anayamba wapita kwa asing'anga atatu.

"Anapaka silikoni ndani?"

"Ana, madala," ndinatero. Alamu andikhululukire.

Anandikhazika pa chitini cha penti n'kundiphunzitsa. Galasi lotere, anati, kufakitale salisoka ndipo salimanga ndi zitsulo. Amalimata ku nsalu ndi guluu, n'kuzipsinja pamodzi ndi kutentha. Nsaluyo ndi ya zigawo zitatu, yakunja, yam'kati, ndi mphira pakati woletsa madzi. Zaka zikamapita dzuwa limaupha guluu uja, nsalu nayo imafupika n'kumakoka galasi mbali zonse, ndiye inu mukamapinda denga m'mawa ndi madzulo kuti atsikana a m'mashopu akuoneni, mukungothandiza kung'amba. Ndinati ine ndimatsegulira mpweya. Anati ee, onse amatero.

Silikoni ndiye anamukwiyira kwambiri. Pamene padutsa silikoni palibe guluu wina amene angagwirepo, ngakhale silikoni mnzake amakana. Choncho ntchito yeniyeni si kumata, ndi kupala. Kupala ndi lezala mpaka galasi lilire mukalikhudza ndi chala, koma osadula timizere tija topingasa pagalasi, chifukwa ndi timawaya totenthetsa galasi kuti nthunzi ichoke. Zaka zonsezi ine ndinkayesa n'zokongoletsa. Kenako kupukuta ndi spiriti ya isopropyl, galasi ndi nsalu yomwe, osakhudzanso ndi manja odyera chipisi. Kenako kupaka kamankhwala kakuda kotchedwa primer, kamene kamathandiza guluu kuluma galasi ndi kumuteteza ku dzuwa. Pomaliza guluu weniweni, polyurethane, yemwe uja amamatira mawindisikirini, wobwera m'chubu cha mamililita 310 chofuna mfuti yake yofinyira.

"Koma chachikulu ndi ichi," anatero akugwira denga. "Musamate denga lili lokhoma. Likakhoma nsalu imakungika ngati ng'oma. Masulani zokowera kutsogolo, likwezeni pang'ono ngati chikhatho chimodzi, muchirikize ndi thabwa, nsalu ilefuke. Galasi mulichirikize m'kati ndi mapilo kuti lisatsike. Mukamata, mupsinje, musiye maola 24 osaligwedeza, ndipo masiku angapo osapinda denga."

Ndinadandaula kuti kunja kukuchita mitambo. Anaseka. Guluu ameneyu, anati, amauma ndi chinyezi cha mumpweya, moti nyengo ya mvula amagwira msanga kuposa m'chilimwe, bola madzi asagwere pomatapo. Miyezi yonseyi ndinkatukwana mitambo, osadziwa kuti ndi anzanga.

Atanditchulira mtengo woti agwire yekha ntchitoyo, ndinawerengera mumtima kuti nzeru zonse wandipatsa kale ulele. Ndinamugulira fanta n'kutsanzika. Anandiyang'ana mwachisoni n'kunena kuti, "Mugule magolovesi." Ndinaona kuti imeneyo ndi ndalama yongotaya.

Loweruka ndinadzuka tambala woyamba. Kupala kokha kunanditengera mpaka nthawi ya nsima, ndipo ndinadzicheka kawiri. Mayi akunyumba atapita ku chinkhoswe ndinalowa kuchipinda n'kutenga mapilo onse anayi, ndi aja awiri a alendo amene sagonedwa ndi munthu wamba. Ndinawapanikiza m'kati mpaka galasi linafika pamalo pake. Madala aja ananena kuti m'mphepete ndimatemo tepi ya pepala kuti guluu asafalikire. Ndinakumbukira nditafinya kale theka la chubu.

Abale anga, guluu ameneyu ndi wakuda ngati phula la pamsewu ndipo amayenda. Ndinamupaka pagalasi, ndinamupeza pachigongono. Ndinapukuta thukuta, anafika pachipumi. Ndinakanda khutu. Galu anabwera kudzaona, nayenso anatenga gawo lake. Zopsinjira zenizeni zokhala ndi timphira toyamwa galasi ndinalibe, ndiye kunja ndinasanjikapo timatumba ta mchenga, n'kukulunga malegeni, n'kuitana mwana wanga wamkulu kuti akanikize ndi manja pakona imene inkakana. Anaima pamenepo ola lathunthu akundifunsa ngati anzake a ku Japan amachitanso zimenezi.

Madzulo galimoto ya maloto anga inali pansi pa lona wobwereka kwa oyandikana nawo, kukamwa kuli yasaa ndi thabwa, m'mimba muli mapilo. Anthu odutsa ankachepetsa liwiro. Mayi wina anafunsa ngati pachitika zovuta.

Usiku umenewo banja lonse linagona mitu ili pa zitenje zopinda. Palibe anandiyankhula. Mamawa ndinayesa sopo, mchenga, parafini, mwala wotsukira mapazi, koma polyurethane akauma pakhungu amachoka ndi khungu lomwelo. Tsoka ilo linali sabata langa loyendetsa mbale ya chopereka. Ndinayenda mzere ndi mzere, manja akuda bii mpaka m'zikhadabo, chipumi chili ndi chidindo. Gogo wina anaponya ndalama yake ali patali, osafuna kuyandikira mbale.

Koma galasi linagwira. Ndikunena pano ladutsa dzinja lonse ndi chiperoni chomwe osadontha ngakhale kadontho. Vuto ndi lakuti pilo mmodzi wa alendo anagwira nawo. Ndinamudula ndi lezala, koma kansalu ka maluwa ofiira kanatsalira pakona, ndipo kamaoneka bwinobwino pa kalilore. Mayi akunyumba akakwera amakayang'ana, n'kundiyang'ana, osanena kanthu. Anatengera kwa amayi awo.

Denga sindinalitsegulenso kuchokera tsiku limenelo. Ndikangoyandikitsa chala pa batani ndimakumbukira mtengo wa chubu chija, chala n'kubwerera chokha. Dzulo pa Ginnery Corner mmodzi wa makondakitala aja anandizindikira, anatulutsa mutu pawindo n'kukuwa kuti, "Madala, mwaliwombola denga lija?" Ndinamukwezera dzanja. Kumbuyo kunali thumba la chimanga, tikupita kuchigayo.